Musadzale mtsinje wonse ndi ana a mtengo umodzi

Mayi, mwafunsa zodula nthambi za mtengo umodzi wokongola wa msondodzi kuti mudzale m'mphepete monse mwa mtsinje. Chonde musayerekeze. Ine ndinagwa m'mbuna yomweyo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Anandisocheretsa ndi bambo wina wa nazale amene ankadzitcha katswiri. Anandigulitsa nthambi zodzala za misondodzi n'kunditsimikizira kuti anazidula pa mitengo yosiyanasiyana, chonsecho zonse zinali za kholo limodzi. Zaka zitatu zoyambirira ndinkanyadira chifukwa mitengoyo inkakula mofanana ngati yoyezedwa ndi chingwe. Chaka chachinayi kunagwa chiwawu. M'mawa wina ndinatembenuza tsamba n'kupeza kunsi kwake kuli ufa wachikasu wokakamira ku zala, ndipo pasanathe masabata atatu mitengo yonse inayoyola masamba nthawi imodzi, popanda ndi umodzi womwe wopirira, poti chibadwa chake chinali chimodzi. Masambawo anaunjikana m'maiwe madzi ali ochepa, anawola, madzi n'kuda bii ndi kuyamba kununkha. Ndinagwada m'matope n'kumatembenuza miyala umodziumodzi kufunafuna mphutsi zija zimadzimangira tinyumba ta mchenga ndi tizitsotso, koma ndinangopeza tinyumbato mulibe kanthu. Madzulo ake ndinakhala pagombe mpaka mdima osaona mleme ngakhale umodzi ukuwuluka pamwamba pa madzi, ndipo maukonde a akangaude amene kale ankadzaza m'nthambi anali atatha. Nditabwerera kwa bamboyo anangondiyankha kuti mtengo ndi mtengo basi. Munthu wogulitsa mbande kwa anthu n'kumalankhula choncho!

Mtengo si mtengo chabe ayi. Ofufuza a pa yunivesite ya Northern Arizona ku America, motsogozedwa ndi Thomas Whitham, anaonetsa kuti chibadwa cha mtengo chimafika mpaka pa zamoyo zimene zimaudalira. Mu 2006 Carri LeRoy ndi anzake anafalitsa zimene anapeza ataika masamba a mitundu iwiri ya mitengo yapachibale ndi misondodzi, Populus fremontii ndi Populus angustifolia, komanso a ana osakanikirana a mitengo iwiriyi mumtsinje wa Oak Creek ku Arizona. Masamba a fremontii ankawola msanga, pomwe okhala ndi mankhwala ambiri otchedwa tannin ankachedwa, ndipo tizilombo topezeka pa masambawo tinkasiyananso. Jane Marks wa pa yunivesite yomweyo wakhala akufotokoza kuti tsamba lowola msanga limathera kwambiri kwa mabakiteriya ndi nkhungu, pomwe lochedwa limakhalitsa m'madzi n'kumadyetsa mphutsi kwa nthawi yaitali. Mphutsizo zikamera mapiko zimatuluka m'madzi n'kudyedwa ndi mbalame, mileme ndi akangaude, motero chakudya chimene chinagwa mumtengo chimabwereranso kumtunda. Pamtsinje wa Horonai ku Japan, Nakano ndi Murakami anapeza mu 2001 kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi la chakudya cha mbalame za m'nkhalangomo pachaka linkachokera ku tizilombo totuluka m'madzi. Tsono mitengo yanu yonse ikakhala ya chibadwa chimodzi, masamba amagwa pamodzi, amawola pamodzi, ndipo chakudya chikatha chatha.

Pitani nokha mukadule nthambi pa mitengo yambiri yotalikirana ya mumtsinje womwewo, yaimuna ndi yaikazi yomwe, poti misondodzi imakhala payokhapayokha motero, ndipo musakhulupirire wa nazale aliyense amene sangakulozereni mitengo imene anadulapo. Komabe ngati gombe layamba kugumuka ndipo mvula yayandikira, dzalani zimene muli nazozo, ngakhale zikhale za mtengo umodziwo, chifukwa mizu yake idzagwira dothi. Mungosiya mipata pakatipakati yoti mudzadzalemo ina chaka chamawa.