Za ku dipatimenti ya Chingerezi ku Zomba

Mwafunsa ngati wophunzira Chingerezi ku yunivesite amangokhalira galamala ngati kusekondale. Ayi ndithu. Nthawi yambiri imathera pa kuwerenga ndakatulo, masewero ndi mabuku a nthano, a ku Africa kuno ndi akunja omwe, kenaka kulemba zimangirizo zoteteza maganizo anu ndi umboni wochokera m'bukumo. Apa mpamene ambiri amavutikira, chifukwa mphunzitsi safuna kuti mumufotokozerenso nkhaniyo, koma kuti musonyeze mmene wolemba anaimangira.

Ku Chanco (Chancellor College), ku Zomba, moyo wa dipatimentiyi sunkathera m'kalasi. Gulu la alembi la Writers Group, lomwe linayamba mu 1970, linkakumana kuti aliyense awerenge zimene walemba, anzake n'kumazisanthula mosanyengerera. Panthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi zimenezi zinali zoika moyo pachiswe, ndipo Jack Mapanje, yemwe ankatsogolera dipatimentiyi, anamangidwa mu 1987 n'kukhala kundende ya Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka 1991.

Ngati mukufunadi maphunzirowa, yambani kuzolowera kuwerenga buku lonse mpaka kumapeto, chifukwa manotsi obwereka kwa mnzanu sadzakuthandizani pokambirana m'kalasi.