Ndinamaliza mankhwala a khansa koma kutopa sikukutha

Funso: Adokotala, ndinamaliza chemotherapy ya khansa ya m'mawere ku Kamuzu Central chaka chatha. Akuti ndikupeza bwino, koma ndikangosesa pabwalo thupi lonse limalefuka. Achibale ayamba kunena kuti ndi ulesi. Mwana wanga akuti kuli chithandizo chobaya tisingano chotchedwa acupuncture. Kodi chingandithandize? Ndine mayi wa ku Santhe, ku Kasungu.

Yankho: Mayi, umenewo si ulesi. Kutopa kobwera ndi khansa ndi mankhwala ake sikutha ngakhale mugone usiku wonse, ndipo ena kumawatsata miyezi kapena zaka. Achibalewo muwawerengere yankholi.

Musanaganize za singano, pitani ku chipatala cha boma ku Kasungu akayeze ngati magazi sanachepe. Aonenso shuga, malungo ndi chithokomiro. Ngati simukugona bwino, muli ndi ululu kapena mtima uli wosweka, muwauze osabisa, chifukwa zonsezi zimafoola munthu ndipo zili ndi mankhwala.

Acupuncture inachokera ku China. Amalasa tisingano tating'ono kwambiri m'malo osankhidwa a pathupi, n'kutisiya kwa mphindi pafupifupi 20. Kafukufuku wa ku Britain wa mu 2012, wa amayi 302 omwe anadwala khansa ya m'mawere, anapeza kuti omwe ankabayidwa kamodzi pa sabata kwa masabata 6 kutopa kwawo kunachepa. Komabe phindu lake ndi lapakatikati, ndipo acupuncture sichiza khansa. Akatswiri ake ndi osowa kuno, ine sindingakuuzeni kuti mugulitse mbuzi chifukwa cha zimenezi. Mukampeza wodziwa, singano zikhale zatsopano, ndipo asabaye mkono wa mbali yomwe munachitidwa opaleshoni, makamaka ngati umatupa. Kutemera mphini ndi nkhani ina, musalole: bala la lezala pa mkono wotero limayambukira msanga.

Chomwe chili ndi umboni wochuluka ndi kuyenda, ngakhale zimamveka zachilendo kwa munthu wotopa. Yambani ndi mphindi 10 m'mawa dzuwa lisanatenthe, muzionjezera pang'onopang'ono mpaka mphindi 150 pa sabata. Ntchito yolemetsa muziigwira nthawi yomwe thupi limakhalako ndi mphamvu, ndiwo muzisadzula mutakhala pansi, madzi akatunge ana. Tulo ta masana tisapitirire theka la ola. M'mbale musamasowe nyemba, nsinjiro, usipa kapena dzira.

Koma kutopako kukamakula, mukamaonda, kupuma mobanika, kumva ululu m'mafupa kapena mukapeza chotupa chatsopano, musadikire tsiku lomwe anakulemberani. Bwererani ku Lilongwe sabata yomweyo.