Njomba imaphunziridwa pa munthu, osati pa njerwa

Bambo wina amene amaphunzitsa mpira anyamata a zaka 12 wandilembera imelo kudandaula kuti anawo amayendetsa mpira mwaluso pakati pa njerwa zimene amawandandalikira, koma pamasewero amalandidwa mpira mdani akangowayandikira. Akufunsa zimene ana awiri angachite ndi mpira umodzi, popeza mipira ali nayo yochepa.

Bambo, vuto lagona pa njerwazo. Njerwa siisuntha ndipo siitambasula mwendo, choncho mwana amaizungulira ataweramitsa mutu, n'kuzolowera kuyang'ana mpira m'malo moyang'ana munthu. Kuchepa kwa mipira kwakuthandizani, chifukwa mnzakeyo ndiye chida chimene chimasowa.

Yambani ndi kulemba pansi bwalo la mapazi 10 mbali zonse. Mwana wopanda mpira atsogole, akuthamanga, kuima ndi kukhota mmene wafunira, ndipo wampira amutsatire osamugunda komanso osatsalira. Kuti mutu udzuke, wotsogolayo azikweza zala nthawi ndi nthawi, wotsatira azitchula chiwerengero chake. Asinthane pakatha mphindi imodzi, ndipo ulendo wachiwiri agwiritse ntchito mwendo umene sanauzolowere.

Gawo limene ndimaliona kuti ndi lofunika koposa ndi lotchinga mpira ndi thupi. Wampira aime chammbali, mpira uli kuphazi lakutali ndi mdani, mawondo atapindika, kwinaku akuukoka ndi kunsi kwa phazi. Poyamba wolandayo aike manja kumbuyo ndipo angopanikiza osalanda, kenako muloleni alande ndi mphamvu zochepa, ndipo pomaliza alimbane zenizeni kwa masekondi 30. Musafulumire kufika pomalizapo, chifukwa mwana amene amalandidwa mpira nthawi zonse amayamba kuuopa ndi kumangoutaya kutsogolo. Pachifukwa chomwecho, muwaphatikize ofanana msinkhu ndi mphamvu.

Njerwa zija musazitaye. Mangani nazo timagolo tiwiri, kena kumanja kena kumanzere, ndipo wolanda apatsire mnzake mpira kenako amuthamangire. Wampira ayenera kunamiza ndi phewa ngati akupita ku golo ina, n'kudutsira inayo. Apa ndi pamene mungawaonetse njomba imene Johan Cruyff, katswiri wa mpira wa ku Netherlands, anapusitsa nayo Jan Olsson wa Sweden pa World Cup ya 1974, yonamizira kumenya mpira koma n'kuukokera kuseri kwa mwendo woponda pansi ndi kutembenuka. Chimene ana ambiri amaiwala ndi liwiro pambuyo pa njombayo. Akamudutsa mdani amaima ngati akudikira kuwomberedwa m'manja, mdaniyo n'kuwapezanso.

Kwa ana a msinkhu umenewu mpira woyenera ndi wa saizi 4. Ngati palibe, wachikulunga ukwanira pa masewero onse atatuwa, bola umangidwe molimba kuti usamasuke akamaukoka ndi phazi.