Kachitini ka Red Bull kamaduliranji chonchi?

Mayi wina wa golosale ku Mchinji wanditumizira imelo. Akuti mufiriji yawo Kung Fu ndi Dragon sizichedwa kutha, koma Red Bull imatha mwezi ikungowayang'ana. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi kachitini kameneka kali ndi mphamvu yoposa zinazi kuti kadule chonchi?"

Ayi ndithu, mayi. M'kachitini ka 250 ml muli caffeine wokwana 80 mg, ngati wa m'kapu imodzi ya khofi. Zotsalazo ndi madzi, shuga, taurine ndi mavitamini, zomwe mumazipezanso m'zakumwa zinazo. Ndalama yambiri mukulipira dzina.

Chakumwachi kwawo ndi ku Thailand, kumene Chaleo Yoovidhya ankachigulitsa pa dzina lakuti Krating Daeng. Omwa ake anali madalaivala a malole ndi anthu a ntchito zathukuta. Dietrich Mateschitz wa ku Austria, yemwe ankatsatsa mankhwala otsukira mano, atachilawa adagwirizana ndi mwiniwakeyo, nachithira gasi, nkuyamba kuchigulitsa kwawo mu 1987. Chenicheni chomwe adasintha mkuluyu ndi munthu wochimwa. Adachichotsa m'manja mwa dalaivala nkuchipereka kwa ana a ku yunivesite ndi anthu a m'mabala, ndipo mtengo adaukweza dala kuti wochigwira azioneka wapamwamba.

Ngakhale ntchito yothira m'zitini adaisiyira kampani ina, Rauch. A Red Bull ndalama adazitsanulira kumasewera. Mu 2004 adagula timu ya Jaguar ya mipikisano ya galimoto ya Formula One, mu 2005 timu ya mpira ya ku Salzburg ku Austria, mu 2009 nkuyambitsa timu ya mpira ya RB Leipzig ku Germany. Ku Germany malamulo sankalola dzina la kampani pa timu, ndiye adangoti RB ikuimira RasenBallsport, koma aliyense amadziwa ng'ombe ziwiri za Red Bull zili pamalaya paja. Inu a kumalire mudamvapo za Patson Daka ndi Enock Mwepu a ku Zambia: onsewo adatchukira ku Salzburg komweko. Mu 2012 Felix Baumgartner adadumpha kuchokera m'mwamba makilomita pafupifupi 39, dzina la Red Bull lili pachovala chake, dziko lonse likuonera. Zonsezi zili mumtengo wa kachitini kali mufiriji yanu.

Opikisana nawo adadzera njira ina. Monster itayamba kugulitsidwa ku America mu 2002 idabwera ndi chitini chachikulu pafupifupi kawiri pa mtengo wosasiyana kwenikweni. Mu 2015 Coca-Cola idatenga magawo 16.7 pa 100 a kampaniyo nkukhala woinyamulira katundu wamkulu. Kwa ine nkhondo yeniyeni ili apa: yemwe ali ndi malole ndi mafiriji ndiye amafika pakhosi pa munthu.

Kung Fu ndi ya Trade Kings ku Lusaka, kungodutsa malire anuwo, pomwe Red Bull imayenda mtunda wautali ndipo imalira ndalama zakunja. Wogula wanu ndi wakabaza ndi kondakitala wa minibasi, anthu omwe aja Krating Daeng idayamba nawo. Iwo akufuna kuthamangitsa tulo, za Formula One alibe nazo ntchito. Choncho musamangirire mpamba wanu: sungani tizitini tochepa ta alendo odutsa pamsewu, malo otsalawo mupatse zomwe zikuyenda. Koma mwana wa yunifomu akabwera, chonde mugulitseni Sobo.