Yankho kwa achemwali: mmene ndinamvera za uchigawenga wa pa 11 September 2001

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu? Uthenga wanu ndaumva, woti mwana wanu wamkulu uja waona pa foni kanema wa ndege zikuwomba nyumba za ku New York ndipo akukupanikizani ndi mafunso, tsono mukufuna kudziwa zimene ine ndikukumbukira, poti inu nthawi imeneyo munali kusekondale yogonera komweko. Mundipirire, uthengawu utalikirapo.

Tsikulo linali Lachiwiri, pa 11 September 2001, ine ndili Sitandade 6. Ndege yoyamba inawomba nyumbayo nthawi ili 8:46 m'mawa kwawoko, koma popeza kuno tinali patsogolo ndi maola 6, kwathu ku Area 25 inali itatsala pang'ono kukwana 3 koloko masana, titaweruka kale kusukulu. Palibe chimene ndinamva kufikira madzulo pamene abambo anafika kuchokera kuntchito. Sanasinthe zovala monga ankachitira masiku onse, koma anangotenga wailesi n'kukhala pakhonde akusakasaka BBC, ndipo amayi atawafunsa kuti kwagwanji, anangoyankha kuti ku America kwaipa. Chimene chinandiopsa poyamba si nkhaniyo ayi, chifukwa Chingerezi cha pa wailesiyo sindinkachitola, koma nkhope ya abambo, munthu amene sindinamuonepo ali ndi mantha.

Titadya nsima tinapita kwa aneba aja amene anali ndi TV, yokhayo mu mzere wathu wonse. Mukumbukire kuti Television Malawi inali itangoyamba mu 1999, motero kuonera TV chinali chinthu chachilendo, ndipo ambiri a ife ana tinazolowera mafilimu a nkhondo a m'mavidiyo sho. Akuluakulu anakhala pamipando, ife pansi, ena akusuzumira pawindo. Anyamata ena anayamba kukuwa mosangalala ndege italowa m'nyumba muja, poganiza kuti ndi filimu, mpaka mayi a pakhomopo anawadzudzula kuti mmenemo muli anthu enieni, makolo a ana anzanu. Pamenepo ndi pamene ine ndinayamba kunjenjemera.

Pali chinthu china chimene ndikufuna muchimvetse bwino chifukwa chikukhudza mwana wanuyo. Zithunzi zija ankazibwereza kambirimbiri, ndipo popeza panalibe wondifotokozera, ine ndinkakhulupirira kuti nthawi iliyonse imene ndikuona ndege ikuwomba, ndiye kuti yawomba nyumba inanso, kotero kuti mzinda wonse ukutha usiku womwewo. Nyumba yaitali imene ndinkaidziwa inali Kang'ombe House ya ku City Centre, ndipo sindinkatha kuganiza kuti nyumba ziwiri zija za World Trade Center zinali ndi nsanjika 110 iliyonse. Kwa masabata angapo, ndege ikamadutsa kulowera kubwalo la ku Lumbadzi, ndinkasiya masewero n'kumaiyang'ana mpaka itazimiririka, koma sindinauzeko munthu aliyense.

Zenizeni zake ndinazidziwa pang'onopang'ono. Zigawenga zinalipo 19, za gulu la al-Qaeda lotsogozedwa ndi Osama bin Laden, ndipo zinalanda ndege zinayi zonyamula anthu. Ziwiri zinawomba nyumba zija, imodzi inawomba Pentagon, likulu la asilikali a dzikolo, pamene yachinayi inagwera patchire ku Pennsylvania anthu okweramo atalimbana ndi zigawengazo. Nyumba zonse ziwiri zinagwa pasanathe maola awiri chiwombereni ndege yoyamba. Anthu amene anafa anali pafupifupi 3,000, ochokera m'maiko ambirimbiri, ndipo mwa iwo 343 anali ozimitsa moto a mumzinda wa New York amene ankakwera masitepe pamene anzawo ankathawa kutsika.

Usiku womwewo tikubwerera kunyumba, abambo anauza amayi kuti zoterezi zinachitikaponso pafupi pompano, ndipo ine sindinadziwe chimene ankatanthauza. Ankanena za pa 7 August 1998, pamene gulu lomwelo linaphulitsa mabomba pa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam. Anthu 224 anafa, mwa iwo 12 okha ndiwo anali a ku America, ndipo ochuluka anali anthu wamba a ku Kenya, ena ali m'maofesi oyandikana nawo, ena ali pamsewu. Mpaka lero zimandipweteka kuti za ku Tanzania, dziko loyandikana nalo, ana a msinkhu wanga sitinazimve n'komwe, chifukwa panalibe kanema woti tizionere. Mukamamufotokozera mwanayo, chonde anthu amenewa muwatchule nawo.

Koma chimene chinakhalitsa mumtima mwanga chinachitikira m'kalasi mwathu. Tinali ndi mnzathu wachisilamu, makolo ake ochokera ku Mangochi, amene tinkasewera naye mpira tsiku ndi tsiku. Dzina la Osama litangotchuka, makamaka nkhondo ya ku Afghanistan itayamba mu October, ana anayamba kumuitana ndi dzina limenelo, ena n'kumamufunsa ngati m'chikwama mwake muli bomba. Mawu amenewo anawo sanawapeke okha, anawatola kwa akuluakulu m'maminibasi ndi m'makomo mwawo. Mnyamatayo anasiya kuvala kachisoti kake Lachisanu, ndipo pa buleki ankadyera yekha kuseri kwa kalasi. Aphunzitsi athu atazindikira, anaimitsa phunziro n'kutifunsa ngati pulezidenti wa dziko lino, a Bakili Muluzi, amenenso ndi Msilamu, tingawatchule dzina limenelo. Kunyozako kunachepa, ngakhale sikunatheretu.

Kumayambiriro kwa 2002 njala ija inavuta, anthu anasiya kukamba za America n'kumakamba za chimanga. Nkhaniyi inadzabweranso mu June 2003, pamene anthu asanu ochokera kunja anagwidwa ku Blantyre powaganizira kuti ndi ogwirizana ndi al-Qaeda, natulutsidwa m'dziko muno osazengedwa mlandu. Ku Mangochi kunabuka zipolowe, matchalitchi ena anaphwanyidwa, ndipo pambuyo pake anthu asanu aja anamasulidwa. Pamenepo ndinali nditakulako, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti zimene zinayambira kutali zinafika posokoneza anthu amene akhala akukwatirana ndi kulirana maliro kuyambira kalekale.

Tsono mwanayo musamubisire, poti waona kale. Mumuuze kuti zinachitika tsiku limodzi, iye asanabadwe, ndiponso kuti kanemayo ndi yemweyo amene akungobwerezedwa, kenako mumuletse kumuonera yekha usiku. Mumuuzenso kuti amene anachita zimenezi ndi kagulu ka zigawenga, ndipo Asilamu nawonso anafa m'nyumba zija. Ndikupemphanso kuti mumufunse zimene anzake akunena kusukulu za nkhaniyi, makamaka ngati pali mwana amene akupatsidwa maina. Loweruka masana ndidzadutsa kwanuko ku Kawale, ndipo ngati akadali ndi mafunso, ndidzakhala naye pansi.