Kuuma kukhosi pogona ndi makina a CPAP

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake mukumadzuka kukhosi kutauma chiyambireni kugona ndi CPAP, makina opopera mpweya kudzera m'masiki kuti njira yopumira isatsekeke mukagona. Nthawi zambiri vuto limakhala pakamwa. Ngati masiki yanu ndi ya mphuno yokha, mpweya umathawira kukamwa tulo tikakula. Yesani kalamba komanga chibwano, apo ayi pezani masiki yophimba mphuno ndi kamwa pamodzi.

Komanso mpweya wa kuno ku Johannesburg umauma kwambiri mu June ndi July. Kwezani humidifier (mbali ya makinawo yonyowetsa mpweya) pang'onopang'ono, muzithiramo madzi a distilled (oyeretsedwa, ochotsedwa michere), chifukwa a pampopi amasiya zoyerayera. Madzi akamasonkhana m'paipi ndiye kuti chipinda chazizira kapena mwakweza humidifier mopitirira. Ikani makinawo munsi kuposa mutu wanu.

Presha ya mpweya yokha musaisinthe nokha, imeneyo ndi ya adokotala. Magetsi akazima, zimitsani humidifier kuti batire ifike m'mawa.