Mwana wanga akufuna za makompyuta: ndigulitse mbuzi kapena ayi?

Amayi ena a ku Katete abwera ndi funso lomwe makolo ambiri ali nalo mumtima. Mwana wawo wamkazi wamaliza Giredi 12, wakana unamwino, wakana uphunzitsi, akuti akufuna za makompyuta. Amayiwo akuti: "Ndigulitse soya ndi mbuzi kuti akaphunzire kutaipa? Nanga foni si amaidziwa kale kuposa ine?"

Amayi, mbali ina mukunena zoona. Ngati mwanayo akufuna kakosi ka miyezi itatu kophunzira kutaipa kalata, mbuzi zanu zisiyeni m'khola. Koma ntchito ya makompyuta ndi yaikulu kuposa pamenepo, ndipo kumene inachokera kukuthandizani kuona chimene muyenera kulipirira.

Mu 1946 ku University of Pennsylvania, ku America, anaonetsa makina otchedwa ENIAC. Ankalemera pafupifupi matani 30, ngati thiraki yodzaza chimanga yopita ku FRA, ndipo anali ndi machubu agalasi oposa 17,000 omwe ankapsa pafupipafupi. Anapangidwa kuti aziwerengera asilikali kayendedwe ka zipolopolo za mizinga. Amene ankauza makinawo zochita, polumikiza mawaya ndi kutembenuza masiwichi pamanja, anali amayi 6, osankhidwa chifukwa chodziwa masamu. Zimenezi muwauze achibale amene akunena kuti iyi ndi ntchito ya anyamata.

Kuchokera apo makina anangopitirira kuchepa. Transistor, kachipangizo kakang'ono kolamulira magetsi, inatulukira mu 1947 n'kulowa m'malo mwa machubu aja, kampani ya Intel inatulutsa chip yake ya 4004, kaubongo kakang'ono ka kompyuta, mu 1971, IBM inabweretsa kompyuta ya padesiki mu 1981, ndipo mu 1989 Tim Berners-Lee anakonza njira ya mawebusaiti ali ku CERN, malo ofufuzira za sayansi kufupi ndi Geneva. Kuno kwathu intaneti inalowera ku UNZA kudzera mu kampani ya ZAMNET mu 1994, maiko ambiri a mu Africa asanaione.

Pa ulendo wonsewu pali ntchito zomwe zinafa. Inu amayi mukukumbukira makalaliki a pa Boma, phokoso la mataipi ndi pepala la kaboni lodetsa zala. Kenako kunabwera makafe a intaneti, anthu n'kumalipira pa mphindi. Foni itafika m'thumba la aliyense, ambiri anatseka, otsala akukhalira kufotokopa ndi kupulinta. Ntchito yongodina mabatani imatha makina atsopano akabwera. Yomwe yakhalapo kuyambira nthawi ya amayi 6 aja ndi ya munthu womvetsa mmene makinawo amaganizira, wotha kuwalamula ndi kuwakonza.

Tayang'anani pa Chipata lero. Ku Kapata mabuthi a Airtel Money ndi MTN andandana mpaka kusowa podutsa. Dzina la mlimi wa FISP lili mu kompyuta, katundu wodutsa pa Mwami amalembedwa mu kompyuta ya ZRA, zipatala zambiri zimasunga mbiri ya odwala mu SmartCare, ndipo zotsatira za mayeso a ECZ ana amaziona pa foni. Tsono tsiku lomwe kalaliki wangotambasula manja n'kunena kuti "netiweki kulibe", mzere wonse umaima, gogo wochokera kutali n'kukhala pansi ndi chikwama chake mpaka dzuwa kupendeka. Pamakhala munthu wina amene amaimbiridwa foni kuti abwere adzakonze. Mwana wanu alinge pamenepo.

Choyamba tengani pepala la zotsatira muone Masamu. Ngati anapeza giredi 6 kapena yabwino kuposa apo (1 mpaka 6), pamodzi ndi Chingerezi ndi Sayansi, afunsire malo ku UNZA, ku Copperbelt University ku Kitwe, ku Mulungushi ku Kabwe kapena ku Zambia University College of Technology ku Ndola. Magiredi ofunika amasiyana ndipo mpikisano ndi waukulu, choncho awerenge yekha zomwe sukulu iliyonse ikufuna chaka chino, afunsenso za ngongole ya HELSB, bungwe la boma lobwereketsa ophunzira ndalama za sukulu. Ngati Masamu anamugwetsa, ndi bwino ataye chaka chimodzi akulembanso pa GCE kusiyana ndi kulowa kosi yomwe idzamulepheretsa pakati ndalama zitapita kale.

Digiri si njira yokhayo. Makosi a TEVETA (bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja) a zamanetiweki, kukonza makompyuta ndi zamagetsi amadyetsa anthu, makamaka masiku ano pamene sola yafika m'midzi. Pitani ku Chipata Trades Training Institute mukafunse zomwe akuphunzitsa, ndipo ku komiti ya chitukuko ya m'wadi yanu mukafunse za thandizo la CDF la ophunzira ntchito zamanja. Koleji iliyonse, musanapereke ngakhale ngwee, ikuonetseni kuti inalembetsedwa ku TEVETA kapena ku Higher Education Authority, ndipo mulowe nokha m'chipinda cha makompyuta muwerenge omwe akuyaka. Zimandiwawa kuona ana atanyamula masatifiketi okongola omwe olemba ntchito sawazindikira.

Sindikubisirani, ntchito zambiri zolipira bwino zili ku Lusaka ndi ku Copperbelt, ndipo pepala lokha sililembetsa munthu ntchito. Adzafunika laputopu yakeyake, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi zinthu zomwe wapanga yekha zoti azionetsa.

Iwe mwana, mawu awa ndi ako. Kudziwa Facebook ndi TikTok si umboni woti ntchitoyi ungaithe. Tenga kope lomwe amayi ako amalembamo za kumunda, mtengo wa mbewu, feteleza, aganyu, matumba ndi thiransipoti, uziike mu pulogalamu yowerengetsera ngati Excel kapena Google Sheets, ngakhale pa foni, mpaka makinawo aonetse okha ngati soya wa chaka chatha anabweza ndalama. Ukamaliza, ukhale nawo pansi amayi ako uwafotokozere mzere ndi mzere, kenako mukambirane za mbuzi.